Bwalo la ndeke za nkhondo la ku Mbala: malo ake ndi ntchito yake

Kuno ku Chipata, tikamva za bwalo la ndeke timaganiza za la ku Mfuwe, kumene kumatera alendo okaona nyama ku South Luangwa. Bwalo la asilikali limamangidwa ndi zolinga zina, ndipo ine monga wokonza ndeke ndimakonda kupereka chitsanzo cha la ku Mbala.

Gulu lathu la nkhondo la mumlengalenga, ZAF, linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo chaka chotsatira boma la Ian Smith ku Rhodesia (lero Zimbabwe) linadzipatula ku ulamuliro wa Britain. Kuyambira pamenepo adani anali kummwera, moti mu October 1978 ndeke za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka. Livingstone ili pamalire penipeni, pamene Mbala ili kumpoto kwenikweni, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, ndipo m'kuona kwanga ubwino waukulu wa bwaloli unali kutalikirako.

Bwaloli limatchedwa Samora Machel chifukwa pa 19 October 1986 mtsogoleri wa Mozambique ameneyu ananyamukira pomwepo atakumana ndi a Kaunda, a dos Santos a ku Angola ndi a Mobutu a ku Zaire, koma ndeke yake ya Tupolev Tu-134 inakagwa ku Mbuzini, ku South Africa.

Malowa ali ndi vuto lake. Mbala ili pamtunda wa mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mfuwe safika ndi 600 omwe. Pamalo okwera chotere mpweya ndi wopepuka, choncho mapiko sanyamula msanga, injini nayo imachepa mphamvu, ndipo ndeke imathamanga mtunda wautali isanauluke, makamaka masana a m'chilimwe. Nthawi zina woyendetsa amayenera kuchepetsa mafuta kapena zida.

Pa bwalo lililonse la mtundu umenewu pamakhala nsanja yolondolera ndeke, nyumba zokonzeramo, matanki a mafuta amene amayesedwa kawirikawiri ngati mwalowa madzi, ndiponso nkhokwe za zida zomangidwa patali ndi nyumba za anthu. Ntchito imene alendo amadabwa nayo ndi ya asilikali amene amayenda atafola mzere wopingasa pa msewu wa ndeke, maso ali pansi, kutola timiyala ndi tizitsulo, chifukwa kamwala kochepa ngati nsawawa kakalowa mu injini ya jeti kamatha kuthyola timapiko tozungulira ta m'kati mwake.