Kufunafuna tsiku lomwe agogo anamwalira

Kwa Ayuda, tsiku lomwe munthu wamwalira limasungidwa ngati chuma cha banja. Chaka chilichonse likafika, abale amayatsa kandulo yoyaka usiku ndi usana wonse, ana amasiye n'kunena pemphero lotchedwa Kaddish. Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya amatcha tsikuli yahrzeit. Pa chiliza amazokotapo dzina la Chiheberi la malemu pamodzi ndi la bambo ake, moti wofufuza mbiri ya banja akapeza chiliza chimodzi, wapeza mibadwo iwiri. Vuto limabwera ukafika pa zaka za 1941 mpaka 1945, pomwe Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa ndi chipani cha Nazi cha ku Germany ndi ochithandiza pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wopanda wowalirira, wopanda wowaika m'manda.

Ayuda ambiri a ku Johannesburg ndi Cape Town makolo awo anachokera ku Lithuania. Mdzukulu akafuna kudziwa za achibale amene anatsalira kumeneko, kawirikawiri amathera pa lipoti la Karl Jäger, mkulu wa gulu lina la SS (asilikali apadera a chipani cha Nazi) lomwe linkawombera anthu m'maenje. Lipotili analilemba pa 1 Disembala 1941. Mzere uliwonse uli ndi tsiku, tauni, amuna angati, akazi angati, ana angati, ndipo pansi pake pali chiwerengero chonse: 137,346. Dzina la wophedwa mulibemo. Anawawerenga ngati mmene timawerengera matumba a chimanga, ndipo mdzukuluyo amangoganiza kuti poti agogo ankakhala m'tauni yakutiyakuti, ndiye kuti ali m'gulu la tsiku lakutilo.

Ku Auschwitz, msasa wophera anthu womwe a Nazi anamanga ku Poland, nkhani yake ndi ina, ndipo imandiwawa mwanjira inanso. Msasawu unali ndi ofesi yakeyake yolembera imfa. Mabuku 46 a ofesiyi anapulumuka, ndipo muli mayina pafupifupi 69,000 a akaidi amene anafa pakati pa Julaye 1941 ndi Disembala 1943. Asilikali a Soviet Union atamasula msasawu pa 27 Januwale 1945 anatenga mabukuwo kupita nawo ku Moscow, komwe anakhala osaonedwa ndi abale kwa zaka zoposa 40. Tsamba lililonse limaoneka laulemu: dzina, tsiku lobadwa, mayina a makolo, ola lomwalira mpaka mphindi yake, dzina la dokotala. Malo omwalirira amalemba Kasernenstrasse, ngati kuti munthuyo wafera m'nyumba ina ya mumsewu wamba. Koma pa chifukwa cha imfa pali bodza lamkunkhuniza. Munthu womenyedwa mpaka kufa, wowomberedwa kapena wobayidwa jekiseni ya poizoni ankamulemba kuti mtima unafooka, kapena anadwala chibayo. Alembi ake, omwe nawonso anali akaidi, ankauzidwa kusankha matenda pa mndandanda.

Ngakhale pepala labodzalo, ambiri sanalipeze. Pa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni amene anafera ku Auschwitz, ochuluka anatsika sitima n'kupita nawo molunjika ku zipinda za mpweya wakupha, osapatsidwa nambala, osalembedwa paliponse. Ayuda a ku Hungary oposa 430,000 anatengedwa pakati pa Meyi ndi Julaye 1944, nthawi yomwe mabuku otsalawo safikako n'komwe. Kwa oterewa, pepala lomaliza lokhala ndi dzina lawo, ngati lilipo, ndi mndandanda wa okwezedwa sitima.

Nkhondo itatha, amoyo anafunikabe mapepala. Mkazi sakanakwatiwanso popanda umboni woti mwamuna wake anamwaliradi, ndipo malamulo achipembedzo cha Chiyuda ndi okhwima pamenepa. Ana sakanalandira chuma chamasiye kapena chipukuta misozi. Ndiye makhoti a ku Germany ankangogamula kuti wakutiwakuti aonedwe ngati anamwalira, ndipo ambiri anawapatsa tsiku la 8 Meyi 1945, lomwe nkhondo inatha ku Ulaya. Wofufuza akaona tsikuli pa chikalata asathamangire kulikhulupirira, ndi tsiku la khoti chabe.

Mapepala omwe anatoledwa m'misasa anasonkhanitsidwa m'tauni yaing'ono ya Arolsen ku Germany, pansi pa bungwe la International Tracing Service, lomwe Red Cross inayamba kuliyendetsa mu 1955. Mu 1949 m'tauni yomweyo anatsegula ofesi yapadera yopereka zikalata za imfa kwa amene anafera m'misasa. M'nkhokwe za bungweli muli mapepala pafupifupi 30 miliyoni okhudza anthu 17.5 miliyoni. Koma zitseko zinatsekukira ofufuza mu 2007, ambiri mwa opulumuka atapita kale kulichete akudikira yankho la kalata zawo. Kuchedwa kumeneku ine sindikuona chochikhululukira. Kuyambira 2019 malowa akutchedwa Arolsen Archives, ndipo mapepala ambiri munthu akhoza kuwaona pa intaneti. Pofufuza pamafunika kuleza mtima ndi kalembedwe: mzinda umodzi womwewo ena analemba Kovno, ena Kaunas, ndipo dzina la munthu limasintha kutengera ngati mlembi anali Mjeremani, Mpolishi kapena Mrasha.

Pomwe pepala la boma palibe, abale anadzilembera okha. Yad Vashem, nyumba yokumbukira ophedwawa ku Yerusalemu, yomwe inakhazikitsidwa mu 1953, yakhala ikutolera mafomu aumboni kuyambira m'ma 1950. Mlongo, mwana kapena mnansi amalemba dzina la wophedwa, kwawo, ntchito yake, ndi zomwe anamva za mathero ake, kenako n'kusainira. Mayina osonkhanitsidwa kumeneko tsopano ali pafupifupi 5 miliyoni. Nthawi zina mdzukulu sapeza tsiku lomwe amafuna, koma pansi pa fomu amapeza dzina ndi adiresi ya wachibale amene banja linkayesa kuti nayenso anafa.

Za kandulo ija, akuluakulu achipembedzo ku Israel anapatula tsiku la 10 la mwezi wa Tevet pa kalendala ya Chiheberi. Pa tsikuli, amene sadziwa kuti mayi kapena bambo awo anafa liti amayatsa kandulo yawo, n'kunena Kaddish limodzi.