Mzinda umene anaujambulira a galimoto

Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000 m'tauni ya Lilongwe. Inali boma chabe la m'mbali mwa mtsinje, la msika ndi masitolo a amwenye, ndipo kulikonse munthu ankafikako wapansi. Apo n'kuti Kamuzu Banda atanena kale kuti likulu la dziko lichoke ku Zomba libwere m'chigawo chapakati. Britain sinafune kuponyapo ndalama, ndiye mu 1968 South Africa inabwereketsa ma rand 8 miliyoni, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa, ndipo mapulani anajambulidwa ndi akatswiri a ku Johannesburg. Likulu linasamuka mu 1975.

Akatswiriwo ankafuna mzinda wa mitengo ndi mipata, wosathithikana. Maofesi a boma anawaika ku Capital Hill ndi ku City Centre, kutali ndi Old Town, pakati pake n'kusiyapo nkhalango ya mumtsinje wa Lingadzi. Mafakitale anapita ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi. Zigawo zonsezi anazilumikiza ndi misewu italiitali ya phula, yoti galimoto lithamange osaimaima. Papepala zinkaoneka bwino, ndipo kunena zoona mthunzi umene Lilongwe akali nawo lero unachokera m'mapulani omwewo.

Koma taonani kumene anakhazika anthu. Mapuloti aakuluakulu a Area 10, Area 12 ndi Area 43, a mabwana okhala ndi galimoto, ndiwo ali pakhomo penipeni pa maofesi. Mesenjala, mlonda ndi wosesa anapatsidwa malo ku Area 25, ku Area 23 ndi ku Kawale. Wa galimoto anamuchepetsera mtunda, wa miyendo anamutalikitsira. Ndipo poti misewuyo anaiganizira ngati ya galimoto, m'mbali mwake munangokhala ngalande ndi udzu. Tinjira tafumbi timene mumationa m'mphepete mwa phula m'madera ambiri a mzindawu anatijambula ndi mapazi a anthu, osati ofesi ya mapulani.

Anthu sanadikire kupatsidwa puloti. Mtandire anakula pafupi ndi Area 47, Mgona pafupi ndi Kanengo, Kauma kuseri kwa nyumba za mabwana, Chinsapo kumapeto a mzinda: aliyense kufuna kugona kufupi ndi ganyu. Pofika kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo opanda galimoto.

Apa ndiye pamene nkhani imaposa khonsolo ya mzinda. M1, msewu waukulu wa dziko lonse, umadutsa m'kati mwenimweni mwa Old Town, pamene pali msika, mavenda ndi depoti ya minibasi. Mwini wake ndi Roads Authority, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2006, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuonetsetsa kuti katundu wochokera ku Dedza afike ku Kasungu. Misewu ya m'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Ukangodutsa malire, walowa m'dera la khonsolo ya boma la Lilongwe. Koma bambo wokankha njinga ya makala kuchokera ku Mitundu, kapena mayi wosenza masamba kuchokera cha ku Mpingu, malirewo sawadziwa. Ulendo wake ndi umodzi, oulamulira atatu, ndipo palibe mmodzi amene udindo wake ndi ulendo wonsewo.

Mu 2010 a ku Japan, kudzera ku bungwe lawo la chitukuko la JICA, anathandiza kulemba mapulani atsopano a mzinda ofika mpaka 2030. Kenako kunabwera msewu wolambalala wa kumadzulo, womangidwa ndi ndalama za African Development Bank, woyambira pa mphambano ya ku Bunda. Unachotsadi mathiraki ambiri ku Old Town. Koma poti palibe anagwira malo a m'mbali mwake, nyumba, mashopu ndi timisika zinaulondola, ndipo ana a sukulu ayamba kuuwoloka monga amachitira pa M1. Kukulitsa Kenyatta Drive kuti ikhale ya mizere isanu ndi umodzi kwapeputsa mndandanda wa galimoto, koma gogo wowoloka pamenepo tsopano ali ndi phula lotambalala kuposa kale loti alidumphe, galimoto zikubwera mothamanga kuposa kale.