Nthochi ilibe bambo, n'chifukwa chake chisaka chimasesa munda wonse

Mlimi aliyense amadziwa kuti nthochi safesa. Amakumba mphukira m'mbali mwa tsinde lalikulu n'kukaibzala pena. Chinangwa timadula mitengo yake, mbatata timaokera kholowa. Akatswiri a sayansi ya zamoyo amati uku ndi kuberekana popanda chachimuna ndi chachikazi, ndipo chinthu chachikulu chimene chimachitika n'chakuti mwana amatengera chibadwa chonse cha kholo limodzi, osasakaniza ndi cha wina. Munda wa nthochi za Williams, ngakhale utakula bwanji, m'chibadwa ndi mtengo umodzi wobwerezabwereza.

Nthochi zimene timadya zinachokera ku nthochi zakutchire za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, zomwe zipatso zake zimadzaza ndi njere zolimba. Zambiri mwa zodyedwazi zili ndi magulu atatu a malangizo a chibadwa m'malo mwa awiri, ndipo zimenezi zimalepheretsa njere kukhwima. Timadontho takuda timene mumaona pakati pa nthochi ndi njere zimene sizinakule.

Njira imeneyi ili ndi phindu lake. Katswiri wa ku Britain, John Maynard Smith, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti chamoyo chosadalira chachimuna chimachulukana kawiri kuposa chinzake, popeza ana ake onse amabereka okha, pamene kwa chinzakecho theka la ana ndi amuna. Palibenso kutaya nthawi kufunafuna mnzake. Funso limene linavutitsa akatswiri linali lakuti: ngati njirayi ndi yachangu chonchi, bwanji nyama zambiri padziko zimaberekabe kudzera mwa chachimuna ndi chachikazi?

Yankho limene ine ndimaliona lamphamvu ndi la matenda. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira kwambiri, ndipo tikapeza njira yolowera mu mtundu wina wa chibadwa, chilichonse chokhala ndi chibadwa chimenecho chagwidwa. Kusakaniza chibadwa cha bambo ndi mayi kumachititsa kuti ana asiyane, choncho matenda amapha ena n'kusiya ena. Curtis Lively anaona zimenezi mu 1987 pa tinkhono ta m'nyanja za ku New Zealand. Tinkhono tamtundu umodzi timeneti tina timaberekana tokha, tina timafuna tatimuna. M'nyanja zimene munali nyongolotsi zambiri zolowa m'thupi mwa nkhono, tatimuna tinkapezeka tambiri. Kumene nyongolotsi zinali zochepa, toberekana tokha ndito tinkachuluka.

Tsono taonani chisaka. Matendawa anayamba kuoneka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990 m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, kenako anawononga minda ya ku Thyolo ndi Mulanje. Amayamba ndi vayirasi, ndipo nthochi yodwala imapinimbira, masamba ake amakhala aafupi, opyapyala, othinana pamwamba, ndipo kawirikawiri siibereka. Vayirasiyu akalowa m'tsinde amafika m'mphukira zonse. Munthu amene wapempha mbewu kwa mnansi wake amanyamula matenda ndi manja ake, ngakhale mphukirayo ikuoneka yabwinobwino.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti nsabwe zakuda zimene zimafalitsa chisaka nazonso zilibe bambo. Yaikazi siikumana ndi yaimuna, siiikira n'komwe mazira. Imangobala ana amoyo, onse aakazi, ndipo anawo pakapita masiku ochepa ayamba kubala. Nsabwe imodzi yokha yobisala m'munsi mwa tsamba ikhoza kudzaza phata lonse. Zikathinana, zina zimamera mapiko n'kuulukira munda wina, ndipo imene yayamwa nthochi yodwala imasunga vayirasiyo moyo wake wonse.

Dziko linalawapo kale zimenezi. Ku Ireland, kuyambira 1845, chiwawu chinagwira mbatata ya kachewere, yomwe anthu osauka ankadalira kwambiri mtundu umodzi wotchedwa Lumper, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda. M'zaka za m'ma 1950, fangasi wa m'nthaka woyambitsa matenda a Panama anathetsa malonda a nthochi ya Gros Michel ku Central America. Makampani anaisiya n'kutenga Cavendish, banja la Williams, yomwenso ndi chibadwa chimodzi. Lero mtundu watsopano wa fangasi yemweyo, TR4, ukupha Cavendish, ndipo mu 2013 unapezeka m'chigawo cha Nampula ku Mozambique.

N'chifukwa chake malangizo ozula ndi kuwononga mapata onse odwala, kenako n'kubzala mbewu yoyera yochokera ku labotale, ndimawavomereza, koma ndimaona kuti ndi theka chabe la ntchito. Mbewu ya ku labotale ilibe matenda pa tsiku lobzala, koma siinapatsidwe mphamvu yolimbana nawo. Nsabwe zikabwera kuchokera pa phata limodzi limene mnansi wakana kuzula, munda watsopanowo ugwa monga unagwera wakale. Mudzi wonse uyenera kuzula pamodzi, ndipo pobzalanso tisataye mitundu yakale ya m'makomo, yophika ndi yodya yakupsa, n'kudzaza dziko ndi Williams yekha. Ku Leuven, ku Belgium, akusunga mitundu ya nthochi yopitirira 1,500, kuphatikizapo zakutchire za njere zija, chifukwa obereketsa mbewu amafunika kotenga chibadwa chatsopano.