Mwana, buku ndi bolopeni yofiira

Ndagwira choko kwa zaka zoposa 20 tsopano, zambiri mwa zakazi ku Sitandade 3 ndi 4, ndiye tikakumana ndi makolo kumsika kaya kumaliro funso limakhala lomwelomwelo, aphunzitsi, mwana wanu uja buku safuna n'kuliona komwe, titani naye? Ena amabwera atapsa mtima kale, akuti mabuku tinamugulira koma amangokakamira foni. Ine ndimayamba ndafunsa kuti kodi inuyo mwanayo anakuonani liti mukuwerenga chinthu chosakhala WhatsApp, apa anthu amangoseka n'kuyamba kukamba za mitengo ya feteleza.

Koma tiyambe taona kaye ngati mwanayo amathadi kuwerenga, chifukwa apa ambiri timapusitsika. Chaka china ndinali ndi kamtsikana kena m'kalasi mwanga, ukakapatsa buku la Chichewa kamangoyenda ngati wailesi, osaphonya olo liwu limodzi, mpaka ndinkakaimika kutsogolo kuti anzake atengere chitsanzo. Tsiku lina ndinalemba pa bolodi mawu anayi ochokera mu nkhani yomweyo koma nditawasokoneza, ndati werenga. Kanangoti kakasi. Kanayang'ana bolodi, kanayang'ana ine, kenako kanayamba kutchula chiganizo choyamba cha nkhani ija chomwe pa bolodipo panalibe. Kanali kataloweza tsamba lonse chifukwa choimba pamodzi ndi anzake, kakaona chithunzi cha mbuzi pamwamba pa tsamba kamadziwa kuti nyimbo yake ndi iti basi. M'kalasi la ana oposa 100 mwana wotere amatha kuyenda mpaka Sitandade 4 popanda womutulukira. Ndipo musafulumire kunena aphunzitsi, pomwe pulayimale inakhala yaulere mu 1994 ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi, makalasi ndi mabuku sizinachuluke motero ayi, mpaka lero tikuthamangitsabe. Ndiye kunyumbako yesani, phimbani chithunzicho ndi dzanja, lozani liwu la pakati pa tsamba, kapena mulembereni papepala mawu amene sali m'buku lake. Mwana amene akuthawa buku nthawi zambiri si waulesi, akuthawa manyazi.

Kuwerenga kuli ndi makwerero ake. Mwana amayamba kumva maliwu a m'mawu, kenako kudziwa malembo oimira maliwuwo, kenako maphatikizo, ba be bi bo bu aja, ndiye mawu, ndiye ziganizo. National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 inamangidwa pa makwerero omwewa. Mwayi wathu ndi woti Chichewa chimalembedwa pafupifupi momwe chimamvekera, mwana akagwira maphatikizo amatha kuwerenga liwu lomwe sanalionepo chibadwire, zomwe pa Chingerezi sizitheka msanga. Misampha ilipo koma ndi yowerengeka, ka h kaja kosiyanitsa pala ndi phala, kala ndi khala, komanso ng' wa ng'ombe ndi ng wa ngoma, apa ana amapunthwa kwambiri ndipo akulu ambiri pa Facebook amapunthwanso pomwepa.

Chimene makolo ambiri sachidziwa ndi ichi, mwana akhoza kudziwa maphatikizo onse koma osamva chomwe wawerenga. Akamawerenga mwa a-na-pi-ta ku-mu-nda, mutu wonse uli pa ntchito yolumikiza, pofika kumapeto kwa chiganizo wayiwala kale kuti anapita kumundako ndani. Kumva kumabwera liwiro likabwera, ndipo liwiro silibwera ndi chikwapu kapena buku lovuta, limabwera powerenga zinthu zosavuta kambirimbiri. Ndiye mukaona mwana akubwereza kabuku komweko kachisanu musamulande n'kumati ako ndi ka ana, msiyeni, akunola mpeni. Buku loti patsamba lililonse akukakamira mawu asanu asanu limenelo lamukulira, lisungeni kaye.

Kwinako kumalowera kukhutu. Mwana amavutika kumva liwu papepala lomwe sanalimvepo pakamwa pa munthu. Ife tinakula ndi padangokhala, tilitonse, madzulo pamoto, ndi ndagi, gize, nyumba ya amayi yopanda khomo, tonse kulimbirana kuti dzira! Pamenepo tinkaphunzira kuti nkhani imayamba, imakhota, imatha, kuti Kalulu akanena zokoma ndiye kuti pali chiwembu, tinkaphunzira kudikira mapeto. Mwana amene wamva nthano zambiri akafika pa buku amakhala ngati wafika pamudzi pomwe ali ndi abale. Ndiye agogo amene sanapiteko kusukulu olo tsiku limodzi ali ndi gawo lalikulu pa kuwerenga kwa mdzukulu wawo kuposa momwe iwo eni akuganizira, vuto ndi loti masiku ano nthawi ya agogo inatengedwa ndi mafilimu omasulira aja.

Pali makolo ena makamaka m'tauni amene analetsa Chichewa pakhomo, akuti mwana agwire Chingerezi msanga. Ndimawamvetsa, kuyambira Sitandade 5 zinthu zimayenda mu Chingerezi ndipo mayeso a MANEB sanyengerera. Koma kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Mwana amene wazindikira m'chiyankhulo chake kuti zolembazi zimayankhula, amanyamula luso lomwelo kupita nalo ku Chingerezi, chomwe chimatsala ndi kuphunzira mawu atsopano. Pomwe winayu akulimbana ndi zimbalangondo ziwiri nthawi imodzi, malembo sakuwadziwa, chiyankhulonso sakuchimva. Ndaona ana otchula Chingerezi mokoma ngati a pa TV koma ukawafunsa kuti nkhaniyi ikukamba chani amangoyang'ana kudenga.

Nanga mabuku tiwapeza kuti, ndi odula. Zoona ndi odula, sindikana. Koma china chimandipweteka ine. Pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo tinalandira makatoni a mabuku a nthano, okongola, a zithunzi zamitundu, ndiye anakatsekeredwa mu kabati muofesi poopa kuti ana awang'amba ndipo akubwera oyendera adzafunsa. Kiyi amayenda naye munthu mmodzi. Patatha zaka ziwiri titatsegula tinapeza chiswe chamaliza mzere wonse wapansi, chinawerenga chiswe ana athu asanawerenge. Buku long'ambika chifukwa chogwiridwa ndi manja a ana lagwira ntchito yake limenelo. Inu a m'makomiti a sukulu ndi a Mother Group, kafunseni kuti mabuku ali kuti ndipo ana amabwereka tsiku liti, muli ndi ufulu wofunsa.

National Library Service, yoyendetsa malaibulale a boma, ilipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, koma makolo ambiri amaiona ngati malo a anthu okonzekera mayeso a Fomu 4 okha, mwana wa zaka 8 sanamutengereko. Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene atasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 ankabwereka mabuku pa kalaibulale kakang'ono mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Chomwe ine chimandigwira mtima pa nkhani yake si magetsiwo, ndi choti Chingerezi cha m'mabukumo chinkamuvuta, ankadalira zithunzi ndi zojambula kuti amve, koma panalibe womulanda buku kuti ili si la msinkhu wako. Amene muli ndi foni yaikulu, pa webusaiti ya African Storybook pali nthano zaulere za ana kuphatikizapo za Chichewa, bandulo yomwe imathera pa TikTok ija ikhoza kutsitsa zingapo. Ndipo zowerenga si mabuku okha, tsamba la Tikambe kapena Tamvani lomwe mwakulungiridwa usipa, pepala la shuga, buku la nyimbo la kutchalitchi, zolemba kumbuyo kwa minibasi, mwana wanga wachiwiri anaphunzirira pa mayina a magolosale tikuyenda kupita kuchigayo. Chachikulu musasandutse nthawi yowerenga kukhala khoti, mphindi 15 zokha mutakhala naye pamphasa, inu tsamba limodzi iye tsamba limodzi, akalakwitsa mpatseni mpata adzikonze yekha musanalumphire.

Tsopano za kulemba, apa ndiye ndili ndi mlandu wanga womwe. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinapatsa ana chimangirizo, ndati aliyense alembe chinthu chomwe chinachitika kwawo. Kamnyamata kena kosayankhulayankhula kanalemba tsamba lonse ndi theka, za tsiku lomwe mbuzi ya aneba inalowa m'khitchini n'kumwa thobwa la agogo ake lomwe anakonzera anthu olima, agogo anaithamangitsa ndi mthiko chitenje chikugwa, mbuzi inathawa ili ndi poto kumutu n'kukagunda nkhokwe. Kanalembanso mawu omwe agogowo anatukwana, ndendende. Ndinaseka ndekha usiku ndikuchonga pa koloboyi. Koma mukudziwa chomwe ndinachita? Ndinatenga bolopeni yofiira n'kuzunguliza paliponse pomwe panalibe mpumiro, pomwe kanalemba l m'malo mwa r, pomwe kanaphatikiza mawu, tsamba lonse linangoti psuu, pansi ndinalemba 4 pa 10, konza zolakwa. Sindinalembe kuti ndaseka. Chimangirizo chotsatira kanalemba mizere itatu, yoyera bwino, yopanda cholakwa chilichonse komanso yopanda kanthu. Kanali kaphunzira kuti ukalemba zochepa umalakwa zochepa.

Ndi momwe timaphera alembi ali aang'ono. Pofika Sitandade 8 ana amakhala ataloweza zimangirizo za mayeso, ukawapatsa mutu woti tsiku lomwe sindidzaliiwala, theka la kalasi linapita kunyanja pa basi, linadya mpunga ndi chambo n'kubwerera mosangalala, ana oti nyanja sanaionepo. Amaganiza kuti moyo wawo weniweni, kukatunga madzi mbandakucha, kusewera bawo ndi amalume, mpira wachikulunga womwe unaswa galasi la ahedi, si zinthu zoyenera kulowa mu kope.

Kulemba kuli ndi ntchito ziwiri zomwe sizifunika kugwiridwa tsiku limodzi. Yoyamba ndi kutulutsa zomwe zili m'mutu, yachiwiri ndi kukonza kalembedwe. Mwana akakubweretserani chomwe walemba, werengani ngati nkhani kaye, funsani kuti ndiye mbuziyo inatani kenako, agogo anaigwira? Funso lotero limamuuza kuti pali munthu amene akudikira mawu ake. Zolakwa sankhani chimodzi kapena ziwiri, mawa lake, ndi pensulo, zinazo zidzatha zokha akamawerenga kwambiri chifukwa maso amazolowera maonekedwe a mawu. Sindikunena kuti malamulo a kalembedwe alibe ntchito, a Centre for Language Studies ku Zomba, akatswiri a ziyankhulo amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 asandimve molakwika, ndikungoti malamulowo akhale ndi choti akonze.

Mwana amene sanayambe kugwira bwino pensulo akhozanso kupeka. Iye azinena, inu muzilemba momwe wanenera osakongoletsa, kenako muwerengereni, muone nkhope yake akamva mawu ake omwe akutuluka papepala. Pindani mapepala atatu pakati, sokani ndi ulusi, ajambule chikuto, alembe dzina lake pansi, ndi buku limenelo. Njira ina imene imandigwirira ntchito chaka ndi chaka, ndimayamba nthano ndikafika pokoma ndimasiya, ndati Fisi wafika pakhomo, chachitika n'chiyani, aliyense amalize yekha. Kapena kuwatuma kuti akafunse agogo nthano imodzi, nyimbo yake yomwe, abwere atailemba. Ndakatulo nazo ana amazikonda kuposa momwe timaganizira chifukwa amazimva pa wailesi, kungoti musawakakamize kuti iliyonse ikhale yolangiza za Edzi kapena kudula mitengo, msiyeni alakatule za nsapato yake yothina.

Panopa m'kalasi mwanga Lachisanu lililonse tikatsala ndi mphindi 20 timakhala ndi mpando wa mlembi, ndi mpando wanga womwewu, mwana mmodzi amakhalapo n'kuwerengera anzake chomwe walemba, bolopeni yofiira imakhala mu chikwama. Lamulo ndi limodzi, omvera amafunsa mafunso okha, kuseka kololedwa ndi kwa nkhaniyo osati kwa mwini wake. Teremu yoyamba ndimachita kunyengerera kuti wina abwere, pofika teremu yachitatu timalemba mayina pa bolodi chifukwa amakanganirana. Sabata yatha kanakhalapo kamtsikana kena ndi nkhani ya khoswe amene anakwera kabaza kupita kutauni kukafuna ntchito ya ulonda, sikanamalize, belu linalira khosweyo ali pa rodibuloko akufunsidwa chiphaso, ndipo ana anakana kutuluka mpaka ndinalonjeza kuti Lolemba tiyambira pomwepo masamu asanayambe.