Kuwotcha chimanga chachiwisi mu air fryer popanda kuchiumitsa

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri kwa anthu amene ayesa kuwotcha chimanga chachiwisi mu air fryer ndi loti chimatuluka chokhwinyata, njere zake zolimba, moti pomaliza kudya nsagwada zimakhala zikuwawa. Ena amaimba mlandu makina awo, ena amati mwina analakwitsa mphindi. Koma nthawi zambiri vuto limakhala litayamba chimangacho chisanalowe n'komwe m'makinamo, ndipo kuti mulimvetse muyenera kudziwa zimene air fryer imachita ndi chakudya.

Air fryer ndi uvuni yaing'ono. Pamwamba pake pali chitsulo chotentha ndi magetsi, ndipo pamwamba pa chitsulocho pali fani imene imakankha mpweya wotenthawo mwamphamvu kuti uzungulire chakudya chimene chili m'kabasiketi. Kampani ya Philips ndi imene inatchukitsa makinawa itawaonetsa pa chionetsero cha zipangizo zamagetsi cha IFA ku Berlin mu 2010, ndipo ngakhale makampani opanga achuluka, kagwiridwe kake ka ntchito n'kamodzimodzi. Mpweya wotentha ukamathamanga chonchi umachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: umapsetsa chakudya msanga, komanso umachiyamwa madzi. Pa zakudya zimene timafuna kuti ziume kunja, zimenezi n'zabwino kwambiri. Pa chimanga ndi pamene pamafunika nzeru, chifukwa kukoma konse kwa chimanga chachiwisi kuli m'madzi amene ali m'njere zake. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa njere ya chimanga chanthete ndi madzi, ndipo chimene chimawatchinga ndi kakhungu kopyapyala basi.

Nanga bwanji osangochiwiritsa? Chifukwa madzi owira sapitirira madigiri 100 pa Celsius, ndipo pa kutentha kumeneko chimanga sichingafiire. Fungo lija limene timalikonda pa chimanga chowotcha limabwera shuga ndi mapuloteni a m'njere akasakanikirana pa moto waukulu, zimene zimayamba kuchitika mofulumira kutentha kukafika cha m'ma 140 kupita m'mwamba. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1912, ndipo mpaka lero ophika amazitchula ndi dzina lake. Ndiye ntchito yanu ndi yoti kunja kwa njere kufiire madzi a m'kati asanathe. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa moto waukulu kwa nthawi yochepa. Anthu ambiri amaopa kupsereza, n'kutsitsa moto kufika pa 160, kenako n'kudikira mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti mtundu ubwere. Mtunduwo umabweradi, koma umapeza njere zitauma kale.

Tsopano pa kasankhidwe ka chimanga, pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa palibe batani la pa makina limene lingakonze chimanga cholakwika.

Chimanga choyenera ndi chimene chidakali ndi mkaka. Sendani makoko pang'ono, boolani njere imodzi ndi chikhadabo. Mukatuluka madzi oyera ngati mkaka, chimenecho ndiye. Mukatuluka madzi opanda mtundu ngati madzi akumwa, sichinakhwime mokwanira ndipo chidzafota m'makinamo. Njere ikangobooka osatulutsa kanthu, m'kati mwake muli phala lolimba, chadutsa msinkhu. Nthawi ya mkakayi imafika patatha pafupifupi masabata atatu kuchokera pamene ndevu za chimanga zatuluka, ndipo sikhalitsa. Makoko akhale obiriwira, ogwira chimanga zolimba, ndipo pamene anachithyolera pasakhale pouma.

Chinanso n'choti chimanga chikathyoledwa sichifa nthawi yomweyo. Chimapitiriza kupuma, ndipo shuga wake amasanduka sitachi. Kukamatentha zimenezi zimathamanga kwambiri, moti mitundu yakale ya chimanga chotsekemera imatha kutaya gawo lalikulu la shuga wake pa tsiku limodzi lokha ikasiyidwa panja. Mitundu yatsopano yotsekemera kwambiri, imene inachokera ku ntchito ya John Laughnan wa pa yunivesite ya Illinois m'zaka za m'ma 1950, imasunga shuga wake masiku angapo. Koma musadalire zimenezo. Ngati simuchiwotcha tsiku lomwelo, chiikeni m'firiji chili ndi makoko ake, ndipo musachisunge kupitirira masiku awiri.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa chimanga chotsekemera, chimene chimalimidwa kuti chidyedwe chachiwisi, ndi chimanga wamba chimene chathyoledwa chisanaume. Malangizo ambiri amene mumawapeza pa intaneti analembedwa ndi anthu amene akuganiza za chotsekemeracho, chimene chili ndi khungu lofewa ndi madzi ambiri. Chimanga wamba chili ndi sitachi wochuluka ndi khungu lolimbirapo, ndipo sitachi amafuna madzi kuti afewe. Mukachiika chosawiritsa mu air fryer kwa mphindi zimene zalembedwazo, kunja kudzapsa koma m'kati mudzakhala mwa gwa. Chimanga chotere, makamaka ngati chayamba kukhwima, chiwiritseni kaye mpaka njere zitafewa, chipukuteni chiume, ndiye muchilowetse m'makina pa madigiri 200 kwa mphindi 6 mpaka 8 kuti chingotenga mtundu ndi fungo. Sikubera ayi. Umu ndi mmene chimanga chotere chimafunira.

Kawotchedwe kake sikovuta. Sendani makoko onse, chotsani ndevu zonse. Ngati mwachitsuka, chipukuteni bwinobwino ndi kansalu koyera, chifukwa madzi otsalira pamwamba amasanduka nthunzi n'kuchedwetsa kufiira. Pakani mafuta ophikira pang'ono, theka la supuni yaing'ono pa chimanga chimodzi likwanira, ndipo pakani ndi manja kuti alowe m'mizere yonse. Mafutawa amathandiza kuti kutentha kufike mofanana pa njere iliyonse komanso amachedwetsa kuuma. Wazani mchere pang'ono. Yatsani makina atenthe kaye kwa mphindi zitatu, kenako ikani chimanga pa madigiri 190 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 14, n'kuchitembenuza nthawi ikafika pakati. Ngati malangizo amene muli nawo akunena madigiri 400, dziwani kuti ndi a Fahrenheit, muyeso wina wa kutentha, ndipo ndi pafupifupi 200 pa Celsius.

Musadzaze kabasiketi. Chimanga chisagundane, ndipo chisasanjikizane. Mpweya ukasowa podutsa, mbali imodzi imapsa ina ili yoyera, ndipo nthunzi yochokera m'chimanga chambiricho imachititsa kuti chikhale ngati chofutsa. Kuli bwino kuwotcha kawiri.

Mphindi ndatchulazi ndi poyambira chabe. Makina aang'ono a kabasiketi, amene chitsulo chake chotentha chili pafupi ndi chakudya, amapsetsa msanga kuposa aakulu a mashelefu. Choncho ikakwana mphindi ya 8 tsegulani muone. Kutsegula air fryer sikuwononga kanthu, imabwezeretsa kutentha mwamsanga. Chimene mukufuna kuona ndi njere zonyezimira, zotupa, zokhala ndi madontho ofiirira apa ndi apo. Musadikire kuti chimanga chonse chifiire mbali zonse, chifukwa pofika pamenepo chidzakhala chitauma. Mukaona timaenje pamwamba pa njere, ngati zayamba kubonyoka, chotsani msanga. Mukamva njere imodzi kapena ziwiri zikuphulika, musadandaule, ndi nthunzi imene ikuboola khungu.

Batala muzipaka chimanga chitatuluka, chidakali cha moto. Ambiri amapaka asanawotche poganiza kuti alowerera, koma batala ali ndi madzi komanso tinthu ta mkaka timene timapserera kutentha kukadutsa cha m'ma 150 mpaka 175. Pa madigiri 200 wambiri amangosungunuka n'kudonthera pansi pa kabasiketi, n'kuyamba kufuka utsi, ndipo wotsalayo amawawa. N'chimodzimodzi ndi adyo wosinja, uchi, ndi zokometsera zina zokhala ndi shuga: zisakanizeni ndi batala wofewa, mupake pomaliza. Madzi a mandimu ndi tsabola pang'ono zimadzutsa kutsekemera kwa chimanga kuposa kuwonjezera batala wambiri, ndipo ineyo ndimakonda choncho.

Za kuwotcha chili ndi makoko ake, ine sindilimbikitsa. Makoko ndi ndevu zikauma zimapepuka, fani imaziulutsa n'kukazigunditsa ku chitsulo chotentha, ndipo zikhoza kuyaka. Pa chifukwa chomwecho, musaike pepala lophikira m'kabasiketi mopanda chakudya choti chilipsinje. Ngati mukufuna chimanga chofewa kwambiri, chikulungeni m'pepala la aluminiyamu ndi batala pang'ono, chipse ndi nthunzi yake kwa mphindi pafupifupi 12, kenako muchivundukule n'kuchibwezeramo mphindi zitatu kapena zinayi kuti chifiire. Njira imeneyi imapulumutsanso chimanga chimene chagona m'firiji n'kuyamba kufota. Pewaninso mafuta opopera a m'zitini, chifukwa ambiri amasiya zomatamata zimene zimawononga utoto woletsa chakudya kumatirira m'kabasiketi.

Chimanga chochokera m'firiza musachisungunule. Nthawi zambiri chimakhala kuti anachiviika kale m'madzi owira asanachiumitse ndi chisanu, ndiye chimangofunika kutenthedwa mpaka m'kati. Chiikeni pa madigiri 180 kwa mphindi zisanu kuti chisanu chichoke, chitulutseni, pukutani madzi, pakani mafuta, kenako mukweze moto kufika pa 200 kwa mphindi 8 mpaka 10. Mukapaka mafuta chidakali ndi chisanu, amangotsetsereka.

Ngati chimanga chatalika kuposa kabasiketi, chithyoleni pakati ndi manja mutachisenda, n'kosavuta kuposa kudula ndi mpeni. Pali kadulidwe kena kamene katchuka, kong'amba chimanga m'litali kukhala zidutswa zinayi zimene zimapindika zikamapsa. Zimakoma ndithu chifukwa zokometsera zimalowa bwino, ndipo zimapsa m'mphindi 10 kapena 12. Koma chitsononkho chachiwisi n'cholimba, ndipo mpeni ukaterereka umapita ku zala. Ngati mukufuna kuyesa, chiwiritseni kaye mphindi zochepa kuti chitsononkho chifewe, chiduleni pakati kuti chifupike, chiimikeni pa thabwa losagwedera, ndipo dzanja lanu likhale pamwamba pa msana wa mpeni, osati pa chimanga.

Chotsala chilowe m'firiji pasanathe maola awiri, m'chotengera chotseka, ndipo chidyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi. Potenthetsanso, chiwazeni timadzi, chikulungeni m'pepala la aluminiyamu, ndipo mphindi zinayi kapena zisanu pa madigiri 170 zikwanira. Chikalowa chosakulunga kachiwiri, fani imamaliza madzi amene anatsala paulendo woyamba.