Diso la Sipikala ndi mafunso a Kum'mawa

Dandaulo lakuti "phungu wathu samupatsa mpata wofunsa" m'Nyumba ya Malamulo limamveka m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, ndipo silinayambe dzulo.

Kuyambira mu Disembala 1972 Zambia inali ya chipani chimodzi, UNIP. Ku Manda Hill, kumene kuli Nyumba ya Malamulo, kunalibe otsutsa, choncho opanikiza nduna anali aphungu a chipani chomwecho okhala mipando yakumbuyo, Robinson Nabulyato ali Sipikala kwa zaka zambiri. Unali mkangano wapabanja: mawa wofunsayo ankatha kusanduka nduna.

Zinthu zinatembenuka mu 1991. Chipani cha MMD chinatenga mipando 125, UNIP n'kutsala ndi 25, ndipo 19 mwa iyo inali ya kuno Kum'mawa, chigawo chonse chathunthu. Chipata, Chadiza, Katete, Petauke, onse anangodzuka ali mbali yotsutsa. Phungu wa ku Luangeni kapena ku Chipangali analibenso nduna yachipani chake yoti n'kuinong'oneza za mlatho pakhonde. Chinamutsalira ndi funso, ndipo nkhani yoti funso la ndani liyambe inasanduka yaikulu kwa ife. Ngakhale kampata kameneko UNIP inakataya yokha pomwe inanyanyala chisankho cha 1996, malamulo atasinthidwa kutsekereza mtsogoleri wake Kenneth Kaunda.

Kayendedwe kake n'kotere. Phungu amalemba funso n'kulipereka ku ofesi ya Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo, limapita ku unduna kukakonzedwa yankho, kenako limadikira tsiku lake pamndandanda. Kudikirako ndiye kumapha. Funso la feteleza wotsika mtengo wa boma (FISP) lolembedwa mvula isanagwe, likayankhidwa chimanga chitamasula ngayaye, mlimi wa ku Vubwi lamuthandiza chiyani? Yankho lakenso timalidziwa kale: ntchito iyamba ndalama zikapezeka. Zonsezi m'Chingelezi, mwini vutolo akumvera pawailesi n'kumatola mawu amodziamodzi.

Koma pamndandanda pali ndondomeko, munthu akhoza kuitsata. Povuta ndi pa mafunso owonjezera, nduna ikangokhala pansi. Apa ofuna kulankhula amakhala ambiri, wosankha ndi Sipikala yekha, ndipo akati zakwana, zakwanadi. Funso loyamba nduna imaliyankha powerenga pepala limene akuluakulu a unduna anailembera. Funso lowonjezeralo silikhala papepala, n'chifukwa chake aphungu amalimbirana kuti diso la Sipikala liwagwere. Chimodzimodzi Lachisanu, pa mphindi 45 zimene Wachiwiri kwa Pulezidenti amayankha mafunso osawadziwiratu. Pa chisankho cha 2021 madera anali 156. Mphindi zimenezo sizingakwanire ngakhale theka la aphungu ake. Ine ndimaona kuti wosiyidwa aliyense amaganiza zachipani, pomwe nthawi zina ndi wotchi chabe, koma popeza chifukwa chosankhira uyu n'kusiya uyo sichilembedwa paliponse, kukayikirako sikungathe.

Mu 2021 chipani cha UPND chitalowa m'boma, mipando yambiri ya Kum'mawa inapita ku chipani cha PF ndi kwa aphungu oima paokha. Chigawo chinabwereranso kumanzere kwa Sipikala, mbali ya otsutsa, Sipikalayo ali Nelly Mutti, mayi woyamba paudindowo, oyankha Lachisanu ali a Mutale Nalumango.