Nyumba ikagwa mufilimu, timasekeranji?

Aliyense amene anakonzetsapo nyumba amawadziwa mantha ake. Ndalama zimatha ntchito ili pakati, ukagumula khoma limodzi umapeza kuti mapaipi nawo anawola, ndipo tsiku lomaliza limangosuntha. Mafilimu anthabwala a anthu okonza nyumba amatenga mantha omwewa n'kuwakokomeza mpaka munthu ayambe kuseka zimene zikanamusowetsa tulo. Mu The Money Pit ya 1986, Tom Hanks ndi Shelley Long amagula chinyumba pamtengo wotsika mokayikitsa. Masitepe amagwa, bafa limaboola pansi n'kukaphwanyikira m'chipinda chapansi, ndipo amisiri akafunsidwa kuti amaliza liti, yankho silisintha: milungu iwiri.

Ife ophunzitsa zisudzo timauza ophunzira athu kuti chimene chimaseketsa kwambiri ndi kudikira ngoziyo. Woonera waliona kale thabwa losakhomedwa, wachiona chitini cha penti pamwamba pa makwerero, koma mwininyumba akungoyenda alibe nazo ntchito. Iwe ukudziwa, iye sakudziwa. Mtima umakhala m'mwamba, ndiye zikachitika umangofa nalo phwete. Chachikulu n'chakuti wagwayo adzuke n'kusasa fumbi. Magazi akangooneka, kuseka kumathera pomwepo.

Katswiri pa zimenezi anali Buster Keaton, wosewera mafilimu anthabwala wa ku America. Mu One Week ya 1920, iye ndi mkazi wake amalandira mphatso yaukwati: nyumba ya m'mabokosi olembedwa manambala yoti alumikize okha. Munthu wina wansanje amasintha manambalawo mwakabisira. Keaton amatsatira malangizo mokhulupirika, ndipo imatuluka nyumba yokhota, chitseko chili m'mwamba moti ukatsegula umagwera panja. Apa m'pamene pamandikhudza ine: sakulephera chifukwa cha ulesi, akuyesetsa ndi mtima wonse, n'chifukwa chake timaseka tili kumbali yake.

Ambiri amapeputsa mafilimuwa, koma kugwetsa nyumba moseketsa kumafuna umisiri weniweni. Nyumba ya mu One Week anaimanga pachinthu chozungulira kuti izitembenuka mphepo ikamawomba. Mu Steamboat Bill, Jr. ya 1928, khoma lonse lakutsogolo kwa nyumba limagwera Keaton, iye n'kupulumuka chifukwa pamene waimapo m'pamene pakugwera windo lotsegula. Khomalo linali lolemera ndithu, ndipo malo oti aime anachita kuwayeza mosamala. Akanaphonya pang'ono chabe, likanamuphwanya kamera ikujambula.